ULENDO WA MUNTHU NDI GALU WAKE M'CHIGWA CHACHIKULU CHA SCOTLAND

Kwathu kuno munthu akatuluka m'mudzi mamawa galu ali pambuyo, aliyense adziwa kumene alinkupita: kapena kuuzimba, kapena kumunda kukapirikitsa anyani ndi nguluwe. Koma kuli maiko ena kumene munthu anyamuka ndi galu wake, nayenda masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, wopanda uta, wopanda nthungo, wosafuna kupha kanthu, koma kungoona dziko ndi kulimbitsa thupi. Mwezi uno tifuna kukufotokozerani za njira imodzi yotere, imene iri m'dziko la Scotland, kwao kwa David Livingstone, kumenenso kunachokera dzina la mzinda wathu wa Blantyre. Njirayo aitcha Great Glen Way, ndiko kunena kuti njira ya m'chigwa chachikulu. Idzera m'mbali mwa ngalande ya zombo, m'mphepete mwa nyanja zitatu, ndi m'kati mwa nkhalango. Ndipo galu aloledwa kuyendamo. Koma tidzaona kuti chilolezocho chiri ndi mtengo wake, ndi kuti wolipira mtengowo ndiye mwini galu.

CHIGWA NDI NJIRA YAKE

Kumpoto kwa Scotland kuli mapiri ambiri, ndipo pakati pa mapiriwo pali chigwa chachitali, chowongoka ngati mzere wa m'munda, chodula dziko lonse kuchokera kunyanja yamchere ya kumadzulo kufikira kunyanja yamchere ya kum'mawa. Akatswiri a miyala atiuza kuti kalekale nthaka inang'ambika pamenepo, ndipo pambuyo pake madzi oundana anakumba mng'aluwo nauzamitsa. M'chigwamo mwandandalika nyanja zitatu za madzi opanda mchere: Loch Lochy, Loch Oich ndi Loch Ness. Mau akuti loch ndiwo nyanja m'chinenero cha eni dziko.

Njira ya oyenda pansi inatsegulidwa m'chaka cha 2002. Iyambira m'tauni ya Fort William, patsinde pa phiri la Ben Nevis, nikathera mumzinda wa Inverness. Kutalika kwake kupitirira mamailosi 70, ndiko pafupifupi ngati kuchoka ku Blantyre kunka ku Zomba ndi kubwerako. Ben Nevis ndilo phiri lalitali koposa onse a m'Britain, mamita 1,345. Komabe silifika ngakhale theka la Sapitwa wa ku Mulanje, amene ali mamita 3,002. Njirayo sikwera phirilo iyayi, ingolilambalala. Ponseponse anazikamo timitengo tokhala ndi chizindikiro cha duwa laminga limene liri mbendera ya mtundu wao, kuti mlendo asasokere. Ambiri aigawa m'masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, nagona m'midzi ya m'njira: Gairlochy, Laggan, Fort Augustus, Invermoriston ndi Drumnadrochit. Enanso sayenda yonse, koma angosankha chigawo chimodzi cha maora awiri kapena atatu, nabwerera kwao madzulo.

M'MBALI MWA NGALANDE

Tsiku loyamba woyenda atsata ngalande imene aitcha Caledonian Canal. Musaganize za ngalande ya kudimba imene mwana aidumpha. Iyi ndi mtsinje wokumbidwa ndi manja a anthu, waukulu kotero kuti zombo za panyanja yamchere ziyendamo. Mmisiri wake wamkulu anali Thomas Telford. Ntchito inayamba m'chaka cha 1803, ndipo ngalande inatsegulidwa m'chaka cha 1822. Boma linaifuna pa zifukwa zitatu: kuti zombo zileke kuzungulira kumpoto kwa dziko kumene mafunde aononga zombo zambiri, kuti zibisale kwa adani pa nkhondo yolimbana ndi Napoleon, ndi kuti anthu a kumapiri, amene analinkuthawira kutsidya kwa nyanja chifukwa cha umphawi, apeze ntchito kwao. Kuchokera kunyanja kufikira kunyanja pali mamailosi 60, koma gawo limodzi lokha mwa magawo atatu ndilo lokumbidwa. Kwinako zombo zidutsa m'nyanja zitatu zija. Pamene ntchito inatha, nkhondo inali itatha kale, ndipo posachedwa anthu anayamba kupanga zombo zazikulu zosakwana m'ngalandemo. Lero muyenda makamaka mabwato a asodzi ndi a alendo.

Tsono mudzafunsa kuti: kodi chombo chikwera bwanji mtunda, popeza madzi sakwera phiri? Pakuti Loch Oich, imene iri pakati, iri pamwamba pa nyanja yamchere ndi mamita 32. Amisiri anamanga zipinda za miyala m'ngalandemo, chipinda chirichonse ndi zitseko zazikulu kutsogolo ndi kumbuyo. Chombo chikalowa, atseka chitseko cha kumbuyo, nalowetsa madzi ochokera kumtunda. Madzi akadzaza, chombo chikwera nao pamodzi, ndipo atsegula chitseko cha kutsogolo. Zipinda zotere ziripo 29. Pa malo otchedwa Banavie, pafupi ndi Fort William, pali zipinda 8 zotsatizana ngati makwerero, zimene zikweza chombo pafupifupi mamita 20. Azitcha Neptune's Staircase. Pa Fort Augustus pali zina 5, pakati penipeni pa mudzi.

M'mbali mwa ngalande muli kanjira kosalala, kamene kale akavalo ndi anthu anayendamo pokoka zombo ndi zingwe. Kanjirako ndiko kokoma koposa kwa galu wokalamba, kwa ana, ndi kwa agogo, pakuti kalibe chitunda, ndipo magalimoto sadutsamo kawirikawiri. Koma pa zipinda zija mwini galu wanzeru afupikitsa chingwe. Makoma ake ali chiriri, aatali ndi oterera. Galu akagweramo sakhoza kutuluka yekha, ndipo potsegula zitseko madzi athamanga mwamphamvu. Choopsa china ndi ichi, chakuti mwini poona galu wake alinkumira, adziponya m'madzi kuti am'pulumutse, ndipo m'malo mwa tsoka limodzi pakhala awiri. M'kanjira komweko muyendanso anthu a njinga, amene adza mwakachetechete kumbuyo. Galu womasuka akawadutsa kutsogolo, wa njinga agwa.

M'MPHEPETE MWA NYANJA

Pa Gairlochy ngalande ilowa m'Loch Lochy, nyanja ya mamailosi 10, ndipo njira itsata gombe lake la kumadzulo, pansi pa mitengo. Pano galu akhoza kumwa ndi kutsuka mapazi pa timagombe ta miyala. Kupitirira Laggan woyenda afika ku Loch Oich, yaing'ono mwa zitatuzo, ndipo ayenda pamene panali njanji ya sitima yapamtunda. Njanjiyo inatsegulidwa m'chaka cha 1903, koma inasowa okwera, nileka kunyamula anthu m'chaka cha 1933. Zitsulo anazizula, ndipo mtunda wake wosalala unatsalira oyenda pansi.

Yaikulu ndiyo Loch Ness, imene iyambira pa Fort Augustus. M'litali iri mamailosi 23, m'mimba yopapatiza kotero kuti munthu aona bwino tsidya lina. Koma kuya kwake kufika mamita 230, ndipo madzi ake aposa a nyanja zonse za England ndi Wales kuziphatikiza pamodzi. Kwa ife amene tidziwa Nyanja ya Malawi, iyi ingaoneke ngati thamanda lalikulu, koma tisaipeputse. Madzi ake ali akuda chifukwa cha dothi la m'madambo a kumapiri, ndipo azizira koopsa chaka chonse, ngakhale m'miyezi yotentha. Gombe lake m'malo ambiri litsetsereka msanga: mapazi awiri atatu, munthu wafika pakuya. Chifukwa chake munthu amene aponyera galu wake kamtengo kutali m'madzi kuti akatole, achita chinthu chosayenera. Kuzizira kufooketsa galu asanabwerere kumtunda. Nyanjayi imveka m'dziko lonse lapansi chifukwa cha mbiri yakuti muli chirombo chachikulu. Koma anthu afunafuna ndi makina a mitundumitundu kwa zaka zambiri, osachipeza. Choopsa chenicheni cha Loch Ness ndicho kuzizira kwa madzi ake.

M'NKHALANGO

Kuchokera pa Fort Augustus kunka kumpoto, njira isiya madzi nikwera m'nkhalango za m'mbali mwa mapiri. Zambiri mwa nkhalangozo nzobzalidwa ndi anthu, mitengo ya paini ndi ina yofanana nayo yocheka matabwa, monga tiona pa Zomba ndi pa Chikangawa. Koma mwina mwatsala mitengo yachilengedwe ya dzikolo. Pakati pa Fort Augustus ndi Drumnadrochit pali njira ziwiri: yamunsi, ya m'mithunzi, ndi yakumtunda, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2014, yotuluka pamwamba pa mitengo, kumene munthu aona nyanja yonse iri gonere pansi pake. Pafupi ndi mapeto njira idutsa nkhalango ya Abriachan, imene anthu a m'mudzimo anagula pamodzi m'chaka cha 1998, naisamala okha kufikira lero. Potsiriza itsikira ku Inverness, nidutsa pa tizilumba ta mumtsinje wa Ness, nithera pa linga la mzindawo.

M'nkhalango ndimo galu ayesedwa koposa, pakuti mphuno yake imva fungo la nyama ponseponse. Muli agwape, aakulu ofiira ndi aang'ono. Muli agologolo ofiira, amene atha m'madera ambiri a Britain koma kuno akalipo. Ndipo pamwamba, m'tchire lalifupi, muli mbalame zoikira mazira pansi, monga zichita nkhwali ndi nkhanga kwathu. Galu safunika kugwira mbalame kuti aononge chisa. Akangoiutsa, mai athawa, mazira azizira, ndipo makwangwala aona pamene pali chisa. Ana a agwape abadwa m'miyezi ya Meyi ndi Juni, ndipo amai ao awasiya okha m'udzu masana. Galu wothamanga yekha awapeza msanga.

LAMULO LIMENE LINATSEGULA DZIKO

Kodi munthu aloledwa bwanji kuyenda m'minda, m'mabusa ndi m'nkhalango za eni ake? M'chaka cha 2003 nyumba ya malamulo ya Scotland inakhazikitsa lamulo la malo, lopatsa munthu aliyense ufulu wa kuyenda pansi, kupalasa njinga, kupalasa bwato ndi kumanga hema usiku umodzi kapena uwiri pafupifupi paliponse m'dziko, ngakhale malowo ali ndi mwini. Lamulolo linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2005, pamodzi ndi buku la malangizo lotchedwa Scottish Outdoor Access Code. Ku England sikutero. Kumeneko m'malo ambiri munthu ayenera kutsata tinjira tolembedwa m'mabuku a boma. Ufulu wa ku Scotland ndi waukulu ndithu, ndipo sulipiridwa ndalama. Koma sufika pakhomo pa munthu ndi pabwalo pake, kapena m'munda momwe mbewu zirinkumera.

Ndipo m'lamulo lomwelo muli mau amene mwini galu aliyense ayenera kuwasunga pamtima: munthu amene galu wake sali m'ulamuliro wake, alibe ufulu umenewo. Ndiko kunena kuti galu akaleka kumvera, mwini wake asanduka wolowerera malo a eni, ngakhale aime pamalo pomwe anaima poyamba. Makolo athu anati, walira mvula walira matope. Wofuna ufulu wa kuyenda ndi galu alandirenso udindo wake.

Malangizowo ali omveka bwino. Galu asalowe m'busa mmene muli ana a nkhosa kapena ana a ng'ombe. Asalowe m'munda wa ndiwo zamasamba kapena wa zipatso, pokhapo pali njira yooneka, ndipo asapatuke m'njiramo. M'busa la ziweto zazikulu akhale pa chingwe chachifupi, chosapitirira mamita 2, kapena pafupi penipeni ndi mwendo wa mwini, ndipo adzere kutali ndi ziweto. Kuyambira Epulo kufikira Julayi, nyengo yoswa mbalame, achite chimodzimodzi m'nkhalango, m'madambo ndi m'mphepete mwa nyanja. Pali nthawi imodzi yokha pamene auza mwini kuti ataye chingwe: ng'ombe zikayamba kuthamangira galu. Pamenepo galu adzipulumutsa yekha ndi liwiro lake, ndipo munthu atuluke m'busamo ndi njira yachidule. Koma akaumirira chingwe, ng'ombe zim'ponda iye.

Ndowe za galu nazonso mwini azitola m'kathumba, nakataya m'nkhokwe ya zinyalala. Ena a inu mudzaseka pomva kuti munthu wamkulu awerama kutola ndowe za galu. Koma chifukwa chake chiripo. M'ndowemo mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso, ndipo ng'ombe ikadya udzu wodetsedwa, nthawi zina itaya bere. Wosiya ndowe pamalo poyenda anthu alipira chindapusa cha mapaundi 80.

NKHOSA ZA MLIMI

Chuma cha alimi a kumapiri a Scotland ndicho nkhosa. Nthaka yao njosauka, yozizira, yosabala chimanga. Nkhosa ndizo munda wao, ndizo nkhokwe yao. Zitenga bere m'nyengo yozizira, niswa m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, pamene udzu uphuka. Ndipo nyengo yomweyo ndi imene alendo ayamba kuchuluka m'njira. Tsono galu wa m'tauni, wofatsa, amene sanalumepo munthu, amene agona m'nyumba pamodzi ndi ana, akaona nkhosa zirinkuthawa, mtima wa makolo ake udzuka mwa iye. Mwini afuula, koma galu samva. Ngakhale asalume ndi imodzi yomwe, nkhosa yabere yothamangitsidwa itaya mwana, ina igwera m'mtsinje, ina idzipweteka pa waya wa mpanda, ndipo ana olekanitsidwa ndi amai ao afa ndi njala ndi chisanu. Ntchito ya chaka chathunthu itha m'mphindi zowerengeka.

Chifukwa cha ichi, m'chaka cha 2021 nyumba ya malamulo inakuza chilango. Mwini galu amene athamangitsa kapena kuluma ziweto akhoza kulipira chindapusa chofika mapaundi 40,000, kapena kukhala m'ndende miyezi 12, kapena zonse ziwiri. Ndipo apolisi akhoza kum'landa galuyo. Lamulo lilolanso mlimi kuwombera galu amene am'peza alinkugwira nkhosa, ngati palibe njira ina yom'letsera. Wolakwa sabisala, pakuti kuyambira m'chaka cha 2016 galu aliyense abayidwa pansi pa khungu kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga, kamene kasonyeza mwini wake. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu.

Komatu m'mapiri omwewo muli agalu ena amene athamanga pakati pa nkhosa tsiku ndi tsiku osavulaza ndi imodzi yomwe. Ndiwo agalu a abusa, ambiri a mtundu wa Border Collie, akuda ndi oyera. Mbusa aima patali, naimba likhweru. Galu amva, nazungulira gulu kudzanja lamanja kapena lamanzere, nagona pansi, nadzukanso, kufikira nkhosa zonse zalowa m'khola. Mtima wosaka uli mwa iyenso, koma unaphunzitsidwa kuyambira ali kamwana. Pamenepa tiona kuti mlandu suli mwa galu. Uli mwa amene anam'lera.

ZA GALU MWINI WAKE

Mwini wabwino aganiziranso za bwenzi lake la miyendo inayi. Misewu ya m'nkhalango iri ndi miyala yakuthwa imene ing'amba mapazi a galu wosazolowera. Chotero ulendo wautali ayenera kuukonzekera ndi maulendo aafupi, milungu ingapo. Chigawo chotsiriza, kuchokera ku Drumnadrochit kufikira ku Inverness, chiri pafupifupi mamailosi 20, ndipo chilemetsa munthu ndi galu yemwe. Pakati pa midzi masitolo asowa, ndipo chakudya cha galu chinyamulidwa pamsana. M'udzu muli nkhupakupa, zimene zipatsa matenda galu ndi munthu; madzulo ali onse ayenera kufunafuna m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala, nazichotsa bwino osasiya mutu. M'dziko lonselo njoka yaululu iripo ya mtundu umodzi wokha, yofanana ndi kamphiri, imene iothera dzuwa m'mbali mwa njira. Galu wolumidwa am'nyamule, asayende, nathamange naye kwa dokotala wa ziweto. M'miyezi yotentha, mphepo ikaleka, muuluka tizirombo tating'onoting'ono tochuluka ngati nkhungu za kunyanja kwathu. Koma nkhungu siziluma, pamene iti tiluma kosalekeza. Nyumba zina za alendo zilandira agalu, zina zikana. Wanzeru afunsiratu asananyamuke, pakuti safunsa anadya phula.

Chinthu chimodzi chimene woyenda kumeneko sachiopa ndicho chiwewe. Matendawa anatha pakati pa agalu a m'Britain m'chaka cha 1922, ndipo kuyambira pamenepo boma lilonda madoko ake mwamphamvu: kwa zaka zambiri galu wochokera kunja anatsekeredwa miyezi 6, ndipo lero salowa wopanda umboni wa katemera. Ndicho chifukwa chake mwana akakumana ndi galu wachilendo m'mbali mwa ngalande, amai ake sagwidwa ndi mantha amene ife tiwadziwa. Mtendere umenewo sunagwe kumwamba ngati mvula. Unadza chifukwa eni agalu ambirimbiri anamvera malamulo owawa kwa zaka zambiri.

MAU OTSIRIZA

Taonani tsono, abale, mmene njira imodzi ikwanira anthu osiyanasiyana: mlimi ndi nkhosa zake, wa njinga, wa bwato, wocheka matabwa, ndi mlendo ndi galu wake. Palibe mpanda wowalekanitsa, ndipo palibe msilikali woima pa mailosi iriyonse. Chowasunga pamodzi ndicho chingwe cha mamita 2, ndi munthu wodziwa nthawi yochigwira. Mlendo aliyense amene atseka chipata pambuyo pake, nadutsa nkhosa mwakachetechete, akonzera njira mlendo wa mawa. Ndipo aliyense amene galu wake apha mwana wa nkhosa, aumitsa mtima wa mlimi pa alendo onse.

Ambiri a ife sitidzaponda m'chigwa chimenecho. Koma galu tiri naye pakhomo, ndipo mnansi wathu ali ndi mbuzi ndi nkhuku. Inu atate, galu wanu adye kwanu, kuti asakafune chakudya m'khola la mnzanu; ndipo alangizi a ziweto akalengeza tsiku la katemera wa chiwewe, mum'tengere komweko, musanyozere. Inu ana, amene galu akutsatani kudambo ndi kumunda, m'phunzitseni kubwera mukamuitana, akali wamng'ono, ndi mau ofatsa ndi kanyenyeswa ka nsima, osati ndi mwala. Galu wotere mukhoza kuyenda naye paliponse, ndipo anansi sadzakutsekerani njira.